Zimene Malume Sauzidwa

Naif, Dubai
10 Meyi 2020

Amayi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pa Ntaja. Ine ndilipo, Mulungu akusunga.

Kuno mafoni a pa Watsapu anatseka, ndiye ndalemba papepala n'kujambula monga amachitira amalume. Ndayamba ndapempha Mayi Matildah kuti kalata iyi aitsegule okha, amuna awo aphunzitsi asaione ngakhale foniyo ili yawo. Muwerenge muli awiri, mukatha aifufute.

Ntchito ija inatha. Mabwana anga anachotsedwa ntchito chifukwa cha kolona, anapakira katundu n'kubwerera kwawo. Ajenti amene anandilandira pabwalo la ndege anapita ndi pasipoti yanga, ndipo foni yake siikugwiranso. Amalume Zubairi ndiwo anadzanditenga pa galimoto ya ku ofesi ya dziko lathu kumene amayendetsa. Kumene iwo amagona kuli amuna okhaokha, choncho anandisiya kwa mayi wina wa ku Zambia, dzina lake Edinah, wosoka makatani kuno ku Naif. Timagona akazi ambiri m'chipinda chimodzi, mabedi osanjikizana ngati mashelefu a m'golosale. Edinah ndi wolongolola koma mtima wake ndi wabwino.

Tsono Amayi, nkhani ndi iyi. Chichokereni kumudzi mwezi wa Febuluwale sindinapiteko kumwezi. Poyamba ndinkati ndi kusintha kwa dziko. Tsopano ndikudziwa. Ndili ndi pakati.

Akazi a m'chipinda muno akuti kuno munthu sangachire kuchipatala popanda pepala la ukwati, ndipo wopanda pepalalo amamuitanira apolisi. Nikaha yanga ndi a Jafali anamanga a shehe pakhonde pathu paja, pepala silinalembedwe. Akutinso mimba ikakula a ndege amakana kukukweza. Ndiyenera kubwera ndisanafike pamenepo.

Amalume sindinawauze, ndipo sindingathe. Munandilera nokha, mukudziwa. Mimba yoyamba, anankungwi asanandichitire mwambo wathu wa litiwo, ndingaitchule bwanji pamaso pa mwamuna, mwamuna wake n'kukhalanso malume? Ndikusala Ramadani ngati wina aliyense kuti asafunse, ngakhale masana mutu umazungulira. Alembereni inuyo kuti anditumize msanga. Inu mudziwa kanenedwe kake.

Ndili ndi mantha, Amayi.

Mwana wanu,
Zakiya


Ntaja
25 Meyi 2020

Achimwene Zubairi,

Asalamu alaikumu, Idi yabwino. Kuno tadya Idi yosakoma. Mpunga unalipo, koma pakamwa pa anthu pali zisankho zobwereza basi. Loweruka anyamata a zipani anamenyana pamsika mpaka kugwetsa mabenchi a tomato.

Ndamva zimene zamugwera Zakiya. Zikomo pomutola. Koma musamusunge kumeneko. Mwanayo abwere msanga, mwezi uno kapena wamawa. Thupi lake silikugwirizana ndi dziko limenelo. Musandifunse zambiri. Ine ndine mayi wake, ndikudziwa chimene ndikunena.

Inu mumagwira ntchito mu ofesi ya boma, mumayenda pa galimoto ya mbendera. Chithunzi chanu chija chili pakhoma pano, aliyense wolowa amayamba waima n'kuchiyang'ana. Kukweza mwana mmodzi ndege kungakukanikeni inu? Ndinu mwini mbumba. Amene anavomereza kuti apite ndinu, womubweza mukhalenso inu.

A Jafali akupereka moni. Masiku ano akungosoka mamasiki.

Mlongo wanu,
Mwanajuma


Al Qusais, Dubai
5 Julayi 2020

Achemwali,

Waalaikumu salamu. Pepani ndachedwa kuyankha. Anthu a kwathu amene ntchito zawathera ndi ambiri, tsiku lililonse ali pakhomo pa ofesi ndi zikwama zawo, ndipo wothamanga nawo uku ndi uku ndine.

Za chithunzi chija, ndinakuuzani kalekale kuti ine ndine dalaivala. Jekete ndinavala pamenepo ndinabwereka kwa mlonda. Koma inu achemwali mukagwira chinthu simutaya, ndiye ndikuuzeni bwino za galimoto ya mbendera mukuinyadirayo. Mbenderayo ili m'kabati ya kutsogolo, yopindidwa. Mafuta ndimathira a m'thumba mwanga, ndipo thumba langalo silinaone malipiro chiyambire Epulo.

Musaganize kuti pali wina akudya. Ndalama zoyendetsera ofesi zimanyamuka kwathu zili makwacha. Zimakadikira kubanki kuti zisanduke madola, ndipo madolawo akuti akusowa. Pamene zikudikira, kwacha ikugwa. Zikasanduka madola zimasandukanso madiramu a kuno. Pofika m'manja mwa bwana zimakhala ngati nkhwani: pothyola dengu lodzaza, pophika kambale kamodzi. Mwini nyumba amene timachita lendi wabwera kale kangapo, ulendo uliwonse ulemu wake ukucheperachepera. Makina oziziritsa tinazimitsa onse kupatula a m'chipinda cholandirira alendo, ndiye tonse timaunjikana mmenemo, bwana ndi dalaivala pabenchi imodzi.

Tsono zisankho zanuzo zatifikira mpaka kuno. Bwana wathu, Bambo Jethro, anatumizidwa ndi boma lija lachokali. Panopa sakudziwa ngati akadali bwana. Akaimba kulikulu amene ankawayankha anasamutsidwa, amene alipo akuti dikirani tiunike kaye. Munthu wamkulu, wa imvi, amangokhala atagwira foni.

Zakiya alibe pasipoti, ndiye akufunika pepala lapadera loyendera, losainidwa ndi bwana. Akufunikanso tikiti. Komanso bwalo la ndege kwathuko n'lotseka, kodi mukufuna ndimutumize pa kabaza? A kuno akuti anthu opanda mapepala awapatsa nthawi mpaka kumapeto kwa chaka, ndiye palibe chothamangira.

Ndinamuona Lachisanu pakhomo pa nyumba yawo, chifukwa amuna saloledwa kukwera m'mwamba. Achemwali, mwanayo wanenepa! Masaya akuchita kutulukira m'mbali mwa masiki. Edinah akumudyetsa bwino. Thupi losagwirizana ndi dziko limakhala lotero? Inu mwangomusowa mwana wanu, nenani zoona. Kolona akachepa mwina ndimupezera ntchito ina, asabwerere chimanjamanja.

Moni kwa akamwini athu a mamasiki.

Zubairi


Ntaja
19 Julayi 2020

Achimwene,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli bwino.

Kumapeto kwa chaka ayi. Ntchito ina ayi. Kodi mwamutenga mwana wanga ngati ng'ombe yoti muzilimitsa? Ndati abwere. Mwamuna wamkulu ngati inu, wokwatira, wa ana, mayi akakuuzani kuti mwana abwere msanga simungakhale pansi n'kuganiza? Kunenepa mukukuonako mukuoneninso bwino.

Chithunzi chija ndachichotsa pakhoma. Anthu amene ankandipatsa moni wa manja awiri tsopano akadutsa amati, "Mayi, akazembe anu aja abwera liti? Nthawi yawo yatha." Ndachiika pansi pa sutikesi. Ine za zipani sindizidziwa, ndikungofuna mwana wanga.

Mwanajuma


Al Qusais, Dubai
3 Ogasiti 2020

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Werengani msanga, muyankhenso msanga.

Kwapezeka ndege yapadera yonyamula anthu a maiko a kwathu kuno, inyamuka pa 13. Kulikulu anatumiza ndalama zoti zikanakwanira anthu ambiri ndithu, koma pofika kuno zachita za nkhwani zija, zangokwana mipando yowerengeka. Ofuna kupita ndi odzaza bwalo. Bwana awalola kusaina mapepala a okwera ndege imeneyi yokha, kenako akuti cholembera aike pansi mpaka boma latsopano litanena.

Bambo Jethro anati tiyambe ndi odwala ndi amayi oyembekezera, ena onse adikire. Ine ndinakumbukira makalata anu aja, ndiye dzulo ndinamubweretsa Zakiya ku ofesi. Anakhala pampando wa pakona atadzikulunga abaya yake yakuda, chikwama pamiyendo.

Bwana anamufunsa mwaulemu, "Mwanawe, kodi ukudwala?"

Iye anati, "Ayi, bwana."

"Shuga? Mphumu? Pali mankhwala amene umamwa?"

"Ayi."

Kenako bwana anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Pepa, ndiyenera kufunsa aliyense. Kodi sukuyembekezera?"

Ine ndinachita manyazi m'malo mwake, ndinayang'ana kudenga. Zakiya anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana bwana, n'kuweramitsa mutu. Ndinamuuza kuti, "Yankha, iwe, bwana ali ndi anthu ambiri panja." Ndipamene ananena chapansipansi kuti, "Ndili bwino, amalume."

Ndiye bwana anati, "Zubairi, ndimakukonda, koma ndikakweza wachibale wa dalaivala wanga wopanda chilichonse, nyengo ino, mawa dzina langa lili pa wailesi." Sindinawatsutse, akunena zoona.

Pobwerera m'galimoto mwanayo ankangolira. Ndinamufunsa chimene chavuta. Ndinakalipa, iye n'kumangolirabe. Achemwali, ndatopa ndi zophiphiritsa zanu. Ngati pali matenda amene mukuwadziwa inu, khunyu kaya chifuwa kaya chiyani, atchuleni dzina. Maina a okwera akupita kwa a ndege Lachisanu. Bwana avomera kusunga mpando umodzi mpaka tsiku limenelo chifukwa ndawagwira mwendo. Likadutsa Lachisanu, khalas, zatha, aupereka kwa wina.

Zubairi


Ntaja
5 Ogasiti 2020

Achimwene,

Waalaikumu salamu. Kalata yanu andionetsa a Boniface aphunzitsi, amuna a Mayi Matildah, dzulo madzulo. Chakudya sichinalowe.

Ndinapita kwa anankungwi kukafunsa. Iwo akuti mimba yoyamba ikatchulidwa kwa amuna litiwo lisanachitike, chikachitika china musadzabwere kudzalira kwa ife. Ndazungulira nyumba ino mpaka nkhuku zandizolowera. Koma ndasankha. Mulungu andikhululukire, makolo andikhululukire.

Zakiya ali ndi pakati. Mimba ndi ya a Jafali, ananyamuka nayo kuno asakudziwa. Miyezi yapita kale. Mupatseni mpandowo.

Ndalemba. Tsono vuto ndi ili: Mayi Matildah anapita kumaliro kwawo ku Zomba. Kunyumba kuli a Boniface okha, ndipo mukuwadziwa, sajambula kalata asanaiwerenge, amati akukonza zilembo. Kuuza inu nokha kwandilemera chonchi, ndiye ndiuzenso mwamuna wa eni, mawa nkhani ili m'chipinda cha aphunzitsi? Akuti mayiwo abwera mawa Lachinayi. Ndidikira tsiku limodzi lokha, Lachisanu isanakwane mukhala mutailandira, inshallah.

Mlongo wanu,
Mwanajuma


Al Qusais, Dubai
14 Ogasiti 2020

Mwanajuma,

Lero moni ndilibe.

Ndege inapita dzulo. Lachisanu lija ndinadikira yankho lanu mpaka bwana anatseka ofesi. Mpando unapita kwa mnyamata wa ku Dedza amene anathyoka mwendo pa ntchito ya zomangamanga. Ndinamunyamula ndekha, ndinamukankha pa njinga ya odwala mpaka pachipata, anandidalitsa mpaka ndinachita manyazi.

Pochoka kubwalo la ndege ndinadzera ku Naif kukasiya mpunga ndi zipatso za tende. Amene anatsika si Zakiya, anatsika Edinah, masiki ili pachibwano, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanandipatse moni. Anaima pakati pa msewu, Apakistani ogulitsa mafoni akuonerera, n'kuyamba:

"Imwe ba Zubairi, menso yanu ni yoonela chabe maloboti? Nimvela lelo ati ba mimba ndiye benze kuyambilila kukwela ndeke. Manje uyu mwana mwamusiyila chani?"

Ine ndinati, "Mayi, mukunena chiyani?"

"Ali na mimba! Ikulu so! Ise tonse mu nyumba tiziba, na ba Filipino baziba, imwe mweka amalume ndimwe simuziba. Ananilapilitsa ati nisakambe, ine nenze kuganiza ati bamai bake banakuuzani kudala."

Ndinakhala pansi pamwala wa m'mbali mwa msewu, dzuwa lija la kuno, osalimva kutentha. Edinah anapitiriza kulankhula koma sindinamvenso. Ndinkangoona mwana uja pampando wa pakona, chikwama pamiyendo, akundiyang'ana ine asanayankhe bwana. Ankapempha kuti ndituluke, achemwali. Ndikanangotuluka panja mwina akananena. Ine ndinayang'ana kudenga, kenako n'kumukalipira.

Kalata yanu ya pa 5 yalowa m'foni mwanga lero m'mawa. Mayi Matildah alemba pansi pake kuti pepani, maliro anatsatizana awiri. Ndaiwerenga kangapo. Mawu anali m'nyumba mwanu, olembedwa kale, foni ili kuseri kwa mpanda, ndipo inu munakhala sabata yathunthu kudikira mkazi woti ajambule.

Ndakwiya, achemwali. Ndakwiya ndi inu, ndi anankungwi anu, ndi a Boniface ndi zilembo zawo. Koma kwambiri ndakwiya ndi munthu amene anaona mwana wa mlongo wake akukula mimba n'kumati Edinah amaphika bwino.

Bwana ndawauza. Anagwira kumutu. Cholembera anawaletsa kale, ndipo ndalama za mpando wina palibe. Akuti bwalo la kwathu litsegulidwa mwezi wamawa. Ndiyesa kupempha kwa anzathu a kumzikiti.

Zubairi


Naif, Dubai
20 Sepitembala 2020

Amayi,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji? A Jafali ali bwanji? Auzeni kuti zovala za mwana asasoke zambiri, sitikudziwa kuti zidzafika bwanji kuno.

Sindibwera, Amayi. Amalume anayenda m'mizikiti ndi m'magulu a anthu a kwathu mpaka ya tikiti inatsala pang'ono kukwana. Koma a ndege amafuna kalata ya dokotala. Tinapita kuchipatala china ku Oud Metha, dokotala wake mayi wa Chimwenye. Anandiyeza, anakanikiza mwendo wanga ndi chala, dzenje linatsala pomwepo. Akuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo masiku apita, sangalembe kalata yoti ndikwere ndege. Amalume anamuchonderera mpaka anavula chipewa. Iye anangoti, "Baba, mukufuna achire m'mwamba?"

Ndiye ndichirira kuno. Chatsala ndi pepala lija. Pitani kwa a shehe alembe kuti anamanga nikaha yathu, tsiku lake, mboni zake, a Jafali asaine, ndipo mukadinditse kwa DC. Mutumize pepala lenilenilo pa ndege ya katundu, chithunzi sakulandira. Likafika kuno liyeneranso chidindo cha ofesi ya amalume, apo ayi achipatala aliona ngati pepala wamba.

Pamenepo ndiye pali mantha anga. Bambo Jethro analandira uthenga woti ntchito yawo yatha, abwerere, koma ndalama zowabwezera iwo ndi akazi awo sizinabwere. Wolowa m'malo mwawo sanabwerenso, akuti ndalama zomutumizira palibe. Ndiye wakale saloledwa kudinda, watsopano kulibe. Mwini nyumba wanena kuti pakati pa mwezi wamawa akhoma ofesi ndi loko wake. Fulumirani, Amayi.

Amalume sandiyang'ana kumaso masiku ano, nanenso sindiwayang'ana. Amabwera ndi zipatso, mapilo, mankhwala, n'kupatsira Edinah. Tsiku lina anabweretsa nsapato zazikulu zofewa chifukwa anaona kuti zanga sizikulowa. Anangoziika pansi n'kubwerera kugalimoto. Ndinalira kuposa tsiku la ndege lija.

Musadziimbe mlandu nokha. Bwana anandifunsa ine, pakamwa panali panga.

Mwana amasewera kwambiri ndikamva azana yoitanira ku mapemphero.

Zakiya


Ntaja
28 Sepitembala 2020

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Simunandilemberenso chiyambire Ogasiti. Ndikumva.

Pepala lapita. A shehe analemba, mboni zinasaina, kwa DC tinagonako masiku awiri pakhonde chifukwa mabwana ake ndi atsopano, aliyense akuopa kugwira chidindo. A Jafali anakalipereka okha ku Blantyre kwa a ndege ya katundu. Anapita ndi makina awo osokera, anabwerako opanda.

Anankungwi akuti litiwo sangachitire munthu amene palibe. Ndinawafunsa kuti nanga amulangiza ndani, anangoyang'anana.

Achimwene, agwireni mwendo bwana wanuyo. Ine ndilibenso mawu olamula.

Mwanajuma


Al Qusais, Dubai
18 Okutobala 2020

Achemwali,

Waalaikumu salamu. Khalani pansi, nkhani ndi yabwino. Zakiya wachira Lachinayi masana. Mwana ndi wamkazi. Onse ali moyo.

Ndikuuzeni mwadongosolo, chifukwa ndikudziwa kuti mukafotokozera mudzi wonse.

Pepala lanu linafika Lolemba. Ndinathamanga nalo ku ofesi. Magetsi anali atadula kale, makatoni ali mbwee, Bambo Jethro atakhala pakati pawo ndi malaya amkati okha, akudzipepesa ndi chikuto cha faelo. Chithunzi cha mtsogoleri wakale anali atachitsitsa, cha watsopano sichinafike, pakhoma panangotsala msomali. Ndinaika pepala patebulo. Ndinagwada.

Iwo anati, "Dzuka, Zubairi, pansipo pali fumbi. Ukudziwa kuti anandiletsa?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ukudziwa kuti ndikafika kwathu akandifunsa, ndipo penshoni yanga ili m'manja mwa anthu amene sandifuna?"

"Ndikudziwa, bwana."

Analiwerenga pepalalo pang'onopang'ono mpaka dzina la mboni yomaliza. Kenako anati, "Mwana uja ndinamufunsa pamaso pa malume ake. Ndili ndi ana aakazi atatu ine, ndinayenera kudziwa." Anatsegula katoni, anafukula chidindo pansi pa makapu. Inki inali itauma ndi kutentha, mpaka tinadonthezerapo tiyi wozizira. Anadinda, anasaina, analemba tsiku lenileni. Anati, "Akafunsa ndidzati ndine. Yalla, thamanga."

Lachitatu mwini nyumba anakhoma loko. Galimoto inatsala panja chifukwa makiyi anali m'thumba mwanga, ndipo Lachinayi m'mawa Edinah anaimba akukuwa. Ndinatulutsa mbendera ija m'kabati, ndinaimangirira kutsogolo koyamba chaka chino, kuti mwina a pamsewu atipatse njira. Palibe anatipatsa njira, koma tinafika. Wa pawindo kuchipatala analitembenuza pepala lija uku ndi uku, anayang'ana chidindo nthawi yaitali. Kenako analiika m'faelo n'kuitana anamwino.

Chifukwa cha kolona analola munthu mmodzi yekha kulowa. Analowa Edinah. Ndiye anankungwi a mwana wanu anakhala mayi wa ku Chipata, wa mpingo wa Katolika, wosoka makatani. Akuti anamugwira dzanja n'kumamukalipira m'Chinyanja mpaka mwana anatuluka. Magazi anathamanga kwambiri, anataya ambiri, madokotala anathamangathamanga. Ine ndinali panja poimika magalimoto, ndikuwerenga masura onse a Korani amene ndimawadziwa, ena kubwereza.

Atamubweretsa mwana pagalasi, anandilola kumuchitira azana kudzera pa foni ya Edinah, iye ataiika pakhutu pa mwanayo.

Tsono mverani zimene malume wa mbumba yanu wachita sabata ino. Ndagula matewera. Ndagula zovala zamkati za akazi, wogulitsa akundifunsa saizi. Ndagula thonje la amayi ochira. Ku Naif makina ochapira anawonongeka, ndiye zitenje za Zakiya ndinapita nazo kwathu, ndinazichapa ndekha m'bafa, anyamata ogona nawo akundiyang'ana. Madzi ake anali ofiira. Munandibisira liwu limodzi kuti ndisamve za akazi, ndipo ndaona zonse.

Kubwera kwawo musakuyembekezere msanga. Mwanayu akufunika pasipoti, Zakiya akufunika pepala loyendera, ndipo ofesi yopereka zimenezo ili ndi loko wa eni. Akuti atsopano adzabwera ndalama zikapezeka, mwina chaka chamawa. Bambo Jethro akugona kwa mnzawo wa kutchalitchi. Galimoto ndakaisiya kwa iwo, makiyi ndi mbendera yomwe. Ine ndapeza ganyu yoperekera katundu kwa Mpakistani wina wa ku Al Qusais, ayesa kundikonzera viza. Sindichoka kuno iwo asanachoke.

Dzina la mwana, Zakiya akuti mutchule ndinu. Mwina mudzamuona akukwawa kale.

Mkwiyo uja unatha, achemwali. Chatsala ndi chisoni basi.

Mlongo wanu,
Zubairi


Ntaja
19 Okutobala 2020

Achimwene,

Alhamdulillah. Alhamdulillah. A Jafali agwa pansi pabwalo n'kulira ngati mwana. Chithunzi chanu ndachibwezera pakhoma, wofuna kuseka aseke.

Mwanayo dzina lake ndi Edina. A shehe adandaula, ndawauza kuti akadandaulire ku Dubai.

Mayi Matildah alipo, ali pakhomo pawo akusenda chinangwa. Koma kalata iyi ndaipereka m'manja mwa a Boniface, ndipo ndawauza kuti aiwerenge ndithu, mokweza ngati akufuna.

Tsono mundiyankhe inuyo, lero lomwe, musadikire Edinah. Kodi magazi asiya kutuluka, kapena akubwerabe ambiri? Akununkha? Mkaka watsika? Mawere atupa, alimba? Ngati alimba amuthowe ndi madzi otentha, ndipo mwana ayamwe mbali zonse ziwiri ngakhale zikupweteka. Kodi anamusoka? Akutha kukhala pansi? Mchombo wa mwana wauma?

Mukamufunse nokha, mumuyang'ane kumaso. Akaweramitsa mutu mumuuze kuti amayi ako ndiwo andituma, ndipo akuti nena.

Mwanajuma